Mutu 9: Kusanja, Kukonza ndi Kugawana Zithunzi pa Kompyuta

Chiyambi

Mphunzitsi wa chiyankhulo amadalira zithunzi nthawi zambiri. Mukafuna kuti ophunzira atchule mayina a zinthu, mumawaonetsa chithunzi. Mukafuna kuti afotokoze zomwe zikuchitika, kapena kuti alembe chimangirizo, chithunzi chimawapatsa poyambira. Kale tinkadula zithunzi m'manyuzipepala ndi m'makalendala akale. Masiku ano ambiri mwa inu muli ndi foni yojambula, ndipo mwina muli ndi zithunzi mazanamazana za misika, minda, maukwati, zida za pakhomo ndi zolembedwa pa bolodi.

Vuto ndi loti zithunzi zikachuluka, kupeza chomwe mukufuna kumavuta. Mukukumbukira kuti munajambula amayi akusinja mu mtondo, koma phunziro latsala mphindi khumi ndipo simukuchipeza. Tsiku lina foni ikabedwa kapena kugwera m'madzi, ntchito ya zaka zitatu imatha pomwepo. Mutu uno ukufotokoza momwe mapulogalamu a pa kompyuta angakuthandizireni kupewa zimenezi.

Pomaliza mutuwu mudzatha:
• kusankha pulogalamu yoyenera kompyuta yanu
• kusanja zithunzi kuti muzizipeza msanga
• kukonza chithunzi kuti chioneke bwino pa pepala kapena pa sikirini
• kugawana zithunzi mosaika ophunzira pachiswe

Chifukwa chiyani pa kompyuta osati pa foni?

Foni ndi yabwino pojambula koma si nkhokwe yodalirika. Imadzaza msanga, imasweka, ndipo sikirini yake ndi yaing'ono moti simungaone ngati chithunzi chatuluka bwino. Kusunga zithunzi pa intaneti kumathandiza, koma kumafuna data ndi netiweki, zomwe m'masukulu ambiri akumidzi n'zosowa. Pulogalamu yoikidwa mu kompyuta imagwira ntchito ngakhale popanda intaneti. Ngati mulibe kompyuta yanu, mutha kugwiritsa ntchito ya pasukulu kapena ya kumalo omwe aphunzitsi a m'dera lanu amakumanirako, bola mukhale ndi fulashi kapena hadi disiki yanu.

Mapulogalamu omwe mungasankhe

Mapulogalamuwa ali m'magulu awiri. Ena ntchito yawo yaikulu ndi kusanja ndi kufufuza zithunzi, pomwe ena ndi okonzera chithunzi chimodzichimodzi.

Kompyuta za Windows 10 ndi Windows 11 zimabwera ndi pulogalamu ya Photos. Ndi yokwanira kuonera, kudula ndi kuwalitsa zithunzi. Pa kompyuta za Linux mumapezeka Shotwell, yomwe imasanja zithunzi potsata tsiku lomwe zinajambulidwa.

Ngati zithunzi zanu zili zambiri, digiKam ndi yomwe ingakuthandizeni kwambiri. Ndi yaulere, imapangidwa ndi gulu la KDE, ndipo imagwira pa Windows, macOS ndi Linux. Imalola kuika matagi, kufufuza zithunzi zofanana ndi kusintha zithunzi zambiri nthawi imodzi.

IrfanView, yomwe Irfan Skiljan anaitulutsa mu 1996, ndi yaing'ono ndipo imathamanga bwino ngakhale pa kompyuta yakale ya Windows. Masukulu amaloledwa kuigwiritsa ntchito mwaulere.

GIMP, yomwe anaiyamba Spencer Kimball ndi Peter Mattis mu 1995 ali ophunzira pa yunivesite ya California ku Berkeley, ndi yokonzera zithunzi mozama. Nayonso ndi yaulere, koma imatenga nthawi kuti muizolowere. Palinso Adobe Lightroom, yomwe akatswiri ojambula amaikonda, koma imeneyi ndi yolipira mwezi ndi mwezi.

Simukufunika zonsezi. Sankhani imodzi yosanjira ndipo muidziwe bwino. Potsitsa pulogalamu, pitani pa tsamba la eni ake enieni, chifukwa mafayilo oyendayenda m'mafulashi nthawi zina amakhala ndi mavairasi.

Phunziro lochokera ku Picasa

Musanayambe, ndi bwino mudziwe zomwe zinachitikira Picasa. Pulogalamuyi inatulutsidwa ndi kampani ya Lifescape mu 2002, ndipo Google inaigula mu 2004 n'kuyamba kuipereka mwaulere. Anthu ambiri anaikonda chifukwa inali yosavuta. Mu 2015 Google inakhazikitsa Google Photos, yomwe imadalira intaneti, ndipo mu Marichi 2016 inasiya kukonza ndi kuthandiza Picasa.

Zithunzi za anthu sizinatayike, chifukwa Picasa inkazisiya m'mafoda momwe inazipeza. Mawu ofotokoza chithunzi ndi matagi nawonso anapulumuka, popeza inkawalemba m'kati mwa fayilo ya chithunzicho. Koma maalabamu omwe anthu anapanga mu Picasa ankasungidwa m'njira yomwe Picasa yokha inkaimvetsa, choncho kuwasamutsira ku pulogalamu ina kunali kovuta.

Apa pali mfundo yofunika: mapulogalamu amabwera n'kupita, koma zithunzi zanu ziyenera kukhalitsa. Choncho dongosolo lanu likhale m'zinthu zitatu zomwe pulogalamu iliyonse ingawerenge: mafoda, mayina a mafayilo ndi mawu olembedwa m'kati mwa fayilo.

Mafoda ndi mayina a mafayilo

Yambani ndi foda imodzi yaikulu, mwachitsanzo Zithunzi_Zophunzitsira. Zithunzi za banja lanu zikhale kwina. M'kati mwa foda yaikuluyo pangani foda ya chaka chilichonse, ndipo m'kati mwa chaka muike mafoda a ulendo uliwonse wojambula.

Dzina la foda liyambe ndi chaka, kenako mwezi, kenako tsiku: 2024-06-14_msika. Kompyuta imandandalika mayina potsata manambala ndi alifabeti, choncho mukayamba ndi chaka, mafoda amadzisanja okha kuyambira akale mpaka atsopano. Mukayamba ndi tsiku, zithunzi za pa 14 Juni zidzagundana ndi za pa 14 Januwale za chaka china.

Foni imapatsa chithunzi dzina ngati IMG_4417, lomwe silikuuzani kanthu. Mu digiKam ndi mu IrfanView mutha kusankha zithunzi makumi asanu n'kuzisintha mayina nthawi imodzi kuti zikhale msika_01, msika_02 mpaka kumapeto. M'mayina a mafayilo pewani zilembo zapadera monga ŵ, ã kapena ç, komanso zizindikiro monga funso. Makompyuta ena akale ndi makina ena osindikizira amazisokoneza. Zilembo zimenezi muzigwiritse ntchito m'mawu ofotokoza chithunzi.

Musasunge chilichonse. Mukajambula dengu kasanu, sankhani chithunzi chimodzi kapena ziwiri, zotsalazo mufufute tsiku lomwelo.

Matagi: chida cha mphunzitsi wa chiyankhulo

Foda ili ndi malire ake: chithunzi chimakhala mu foda imodzi basi. Komatu chithunzi chimodzi chingaphunzitse zinthu zingapo. Tiyerekeze kuti munajambula mtsikana atasenza mtsuko akuchokera ku chitsime. Chithunzichi chingagwire ntchito pa mutu wa ntchito za pakhomo. Chingathandizenso pophunzitsa magulu a mayina: mtsikana ndi wa gulu la Mu-A, mtsuko ndi wa Mu-Mi, chitsime ndi cha Chi-Zi. Pophunzitsa aneni, chikuonetsa kusenza, komwe n'kosiyana ndi kunyamula m'manja kapena kubereka kumsana. Kodi mudzachiika mu foda iti?

Yankho ndi matagi. Tagi ndi liwu lomwe mumamatika pa chithunzi, ndipo chithunzi chimodzi chingakhale ndi matagi ambiri. Mukalemba liwulo pofufuzira, zithunzi zonse zomwe zili nalo zimabwera, zikhale mu foda iliyonse. Mu digiKam matagi angakhale ndi nthambi. Mwachitsanzo, pansi pa tagi ya Malamulo mutha kuika Magulu a mayina, ndipo pansi pake Mu-A, Mu-Mi, Li-Ma, Chi-Zi, I-Zi, U-Ma ndi Ka-Ti. Tsiku lophunzitsa gulu la Li-Ma mudzangodina pamenepo n'kupeza khasu, dengu, dzira ndi tsamba.

Popeza gawoli tikuliphunzira limodzi kuchokera m'maiko angapo, samalani ndi kalembedwe. Ku Malawi timalemba chimanga, pomwe mabuku a Cinyanja a ku Zambia ndi ku Mozambique amalemba cimanga. Kompyuta imaona mawu awiriwa ngati osiyana. Mawu enanso amasiyaniratu: zomwe ku Lilongwe amati mbatata, ku Lusaka ambiri amati kandolo. Ngati zithunzi zanu mudzagawana ndi anzanu a tsidya lina la malire, ikani matagi onse awiri. Ophunzira anu nawonso adzapindula poona kuti chiyankhulo chimodzi chimayankhulidwa mosiyanasiyana, ndipo palibe amene akulakwitsa. Ngati mumaphunzitsanso Chingerezi, Chipwitikizi, Chishona kapena chiyankhulo china, onjezani tagi ya chiyankhulo chimenecho kuti chithunzi chomwecho chigwire ntchito m'makalasi onse.

Lembani mndandanda wa matagi anu m'kope ndipo muziutsatira. Mukalemba "msika" lero, "misika" mawa, "kumsika" mkuja, zithunzi zanu zidzabalalika m'magulu atatu.

Zomwe zimabisala m'kati mwa chithunzi

Fayilo ya chithunzi simangosunga zomwe maso akuona. Foni kapena kamera imalembamo yokha tsiku, nthawi ndi mtundu wa chipangizo. Ngati GPS inali yoyatsa, imalembamonso malo enieni pomwe munaima. Zolembedwa zimenezi zimatchedwa Exif. Palinso zigawo zina zotchedwa IPTC ndi XMP, momwe mumasungidwa matagi, mawu ofotokoza chithunzi ndi dzina la wojambula.

Mu digiKam, pitani ku Settings, kenako ku gawo la Metadata, n'kusankha kuti matagi ndi mawu ofotokoza azilembedwa mu fayilo. Mukapanda kutero, akhoza kukhala mu nkhokwe ya digiKam yokha, ndipo mudzakumana ndi vuto lija la maalabamu a Picasa. Onetsetsaninso kuti tsiku la pa kamera ndi lolondola, chifukwa batire ikatha makamera ena amabwerera ku chaka chomwe anapangidwa.

Kukonza chithunzi

Lamulo loyamba ndi ili: musakonze chithunzi choyambirira. Pangani kope n'kukonza kopeyo. Zithunzi zambiri zimakhala za mtundu wa JPEG, womwe unakhazikitsidwa mu 1992. JPEG imachepetsa fayilo potaya tinthu tina ting'onoting'ono ta chithunzi, ndipo nthawi iliyonse mukasintha n'kusunganso, pamatayika tina. Mukabwereza kambirimbiri chithunzi chimayamba kuoneka cha madontho. Mapulogalamu monga Shotwell ndi Lightroom sakhudza fayilo yoyambirira, amangosunga malangizo a zomwe mwasintha. Mu IrfanView ndi GIMP muyenera kusamala nokha posunga ndi dzina latsopano.

Pa ntchito ya m'kalasi, zosintha zinayi ndi zokwanira.

Choyamba ndi kudula. Ngati mukuphunzitsa liwu loti lichero koma pa chithunzi pali lichero, galu, njinga ndi ana atatu, wophunzira sadziwa choti ayang'ane. Dulani mpaka patsale lichero. Koma ngati cholinga chanu ndi kuti ophunzira ayankhule kapena alembe nkhani, siyani zonsezo, chifukwa ndi zomwe zidzawapatse zonena.

Chachiwiri ndi kuwongola chithunzi chopendekeka, makamaka cha bolodi kapena chikwangwani chomwe ophunzira ayenera kuwerenga.

Chachitatu ndi kuwala. Zithunzi zojambulidwa masana dzuwa lili paliwombo zimakhala ndi mithunzi yakuda pankhope. Walitsani mbali zamdimazo pang'ono, koma musapitirire mpaka khungu la munthu kusintha mtundu.

Chachinayi ndi kuyesa chithunzi popanda mitundu. Ambiri a inu mumachulukitsa mapepala pa makina a fotokope otulutsa zakuda ndi zoyera. Tomato wofiira pakati pa masamba obiriwira amaoneka bwino pa sikirini, koma pa fotokope zonse ziwiri zikhoza kutuluka zotuwa mofanana. Musanasindikize mapepala 80, sinthani kope ya chithunzicho kukhala ya greyscale n'kuona ngati chinthucho chikuzindikirika. Ngati sichikuoneka, onjezani contrast kapena jambulaninso chinthucho pa nsalu yoyera.

Mukafuna kulemba mawu pa chithunzi, lembani pa kope ina ndipo musunge yopanda mawu. Yokhala ndi mawu idzakhala yophunzitsira, yopanda mawu idzakhala yoyesera ophunzira. Zithunzi za zolembedwa zokhazokha, monga tebulo kapena tsamba la pa sikirini, zisungeni ngati PNG, chifukwa mtundu umenewu susokoneza m'mphepete mwa zilembo.

Kukula kwa chithunzi

Chithunzi cha pa kompyuta chimapangidwa ndi timadontho totchedwa mapikiselo. Kamera ya mamegapikiselo 12 imatulutsa chithunzi cha mapikiselo pafupifupi 4000 m'litali ndi 3000 m'lifupi, ndipo fayilo yake imakhala ya mamegabaiti angapo. Posindikiza bwino pamafunika mapikiselo pafupifupi 300 pa inchi iliyonse. Izi zikutanthauza kuti chithunzi cha masentimita 10 kwa 15 chimafuna mapikiselo pafupifupi 1200 kwa 1800, pomwe chodzaza pepala lonse la A4 chimafuna pafupifupi 2480 kwa 3508. Poonetsa pa sikirini kapena pa purojekita, mapikiselo 1920 m'litali ndi okwanira.

Choncho musanatumize zithunzi kwa mnzanu kapena kuziika mu Word, zichepetseni. Mu IrfanView ntchito imeneyi imatchedwa Batch Conversion, mu digiKam ndi Batch Queue Manager. Mumasankha zithunzi zonse, kutchula kukula komwe mukufuna ndi foda yatsopano yoikamo makope. Kumbukirani kuti chithunzi chachikulu mutha kuchichepetsa, koma chaching'ono mukachikulitsa chimangoyerayera. N'chifukwa chake choyambirira chiyenera kusungidwa.

Kugawana

Njira yomwe ambiri timagwiritsa ntchito ndi WhatsApp. Dziwani kuti mukatumiza chithunzi m'njira yachizolowezi, WhatsApp imachichepetsa n'kuchotsamo zolembedwa za m'kati, kuphatikizapo matagi anu. Chithunzi chomwe chadutsa m'mafoni angapo sichisindikizika bwino. Mukachitumiza ngati Document, chimafika momwe chilili. Koma chikafika momwe chilili, malo a GPS aja amapita nawonso. Ngati munajambula pakhomo pa wophunzira, aliyense wolandira fayiloyo angadziwe pomwe mwanayo amakhala. Pa Windows mutha kuchotsa zimenezi: dinani kumanja pa fayilo, sankhani Properties, kenako Details, kenako Remove Properties and Personal Information.

Zithunzi zikakhala zambiri, fulashi ndi yotsika mtengo kuposa data. Ipimeni ndi pulogalamu yoteteza ku mavairasi musanaitsegule.

Chilolezo ndi ulemu

Chithunzi chikachoka m'manja mwanu simungachibwezenso. Musajambule kapena kugawa chithunzi cha wophunzira popanda chilolezo cha makolo ndi cha mphunzitsi wamkulu, ndipo tsatirani malamulo a unduna wa zamaphunziro m'dziko lanu. Musaike dzina la mwana mu dzina la fayilo kapena mu tagi. Mapulogalamu monga digiKam amatha kuzindikira nkhope n'kuzipatsa mayina, koma pa zithunzi za ophunzira ndi bwino kusagwiritsa ntchito mbali imeneyi. Nthawi zambiri nkhope sifunika n'komwe. Kuti muphunzitse kupeta, kusoka kapena kuumba, manja okha akukwanira. Musagwiritse ntchito chithunzi cha wophunzira wanu ngati chitsanzo cha umphawi, uve kapena matenda. Anzake sadzaiwala.

Pa miyambo, funsani eni ake. Gule Wamkulu ndi wa Achewa a ku Malawi, Zambia ndi Mozambique, ndipo bungwe la UNESCO linamulemekeza mu 2005. Ndi mutu wabwino wophunzitsira chikhalidwe, koma pali zina zomwe siziloledwa kujambulidwa, makamaka za kudambwe. Kaya muli ku mwambo wa Kulamba ku Mkaika m'boma la Katete, kaya pa bwalo la m'mudzi mwanu, pemphani kwa amfumu kapena akuluakulu a mwambowo musanatulutse foni.

Zithunzi za pa intaneti zili ndi eni ake. Mukafuna zomwe mungagwiritse ntchito momasuka, fufuzani pa Wikimedia Commons, pomwe zambiri zili pansi pa ziphaso za Creative Commons. Werengani zomwe chiphasocho chikufuna. Nthawi zambiri muyenera kutchula wojambula, choncho lembani dzina lake m'mawu ofotokoza chithunzi tsiku lomwelo, musanaiwale.

Kusunga makope

Hadi disiki iliyonse tsiku lina idzafa. Akatswiri amalangiza lamulo la 3-2-1: makope atatu a zithunzi zanu, pa zipangizo za mitundu iwiri, ndipo kope imodzi ikhale kumalo ena. Kwa inu izi zingakhale kompyuta, fulashi yosungidwa ku ofesi ya sukulu, ndi kope ina kunyumba kapena pa intaneti. Fulashi yokhala m'chikwama chimodzi ndi laputopu idzabedwa limodzi ndi laputopuyo. Sankhani tsiku lokopera, mwachitsanzo Lachisanu lomaliza la mwezi, ndipo nthawi ndi nthawi muzitsegula makopewo kuti muone ngati akugwira.

Ntchito

1. Sankhani zithunzi 20 za mu foni yanu zomwe mungaphunzitsire. Zisamutsireni pa kompyuta, mu foda yokhala ndi dzina loyamba ndi chaka.
2. Patsani chithunzi chilichonse matagi osachepera atatu: mutu wa phunziro, mfundo ya malamulo a chiyankhulo, ndi liwu lina lomwe anzanu a dziko loyandikana nalo angagwiritse ntchito.
3. Tengani chithunzi chimodzi, muchidule m'njira ziwiri: imodzi yophunzitsira liwu limodzi, ina yoyambitsira kukambirana. Lembani mafunso atatu omwe mungafunse ophunzira pa chilichonse.
4. Onani ngati pa zithunzi 20 zija pali zokhala ndi nkhope za ana kapena malo a GPS. Lembani zomwe mudzachite musanazigawe.

Tumizani mayankho a ntchito 2 ndi 3 kwa mlangizi wanu, ndipo mubwere ndi zithunzizo pa fulashi pa tsiku lokumana.

Mwachidule

Mu mutu uno mwaona kuti pulogalamu ndi chida chabe, ndipo dongosolo lenileni liyenera kukhala m'mafoda, m'mayina a mafayilo ndi m'matagi olembedwa m'kati mwa zithunzi. Mwaphunzira kukonza makope osati zoyambirira, kuchepetsa zithunzi molingana ndi ntchito yake, kuchotsa malo a GPS musanagawane, kupempha chilolezo ndi kusunga makope atatu. Musadikire kuti mupeze nthawi yosanja zithunzi zonse zakale. Yambani ndi zomwe mudzaphunzitsire sabata yamawa, zinazo mudzazifikira pang'onopang'ono.